Chitsamba Chimene Madamu Anandisungitsa

Ku koleji ya zaulimi ndinakhalako chaka chimodzi ndi kachidutswa. Kenaka akuluakulu a kumeneko anaona kuti ndikulanda chakudya cha mbewu zenizeni, ndipo anandizula ngati udzu. Ndinatuluka pa geti ndi sutukesi, bulangete, ndi mawu angapo a Chilatini amene mpaka lero sindinapeze powagwiritsa ntchito.

Vuto linali kolowera. Popita ku kolejiko, kwathu ku Chitala anandiperekeza ndi nthungululu, mbuzi inafa, ndipo amayi anauza mudzi wonse kuti ndikadzabwera chimanga cha m'deralo chidzayamba kubereka ziwiriziwiri. Munthu amene mbuzi inamufera sabwerera kwawo ndi bulangete lokha. Choncho ndinapitirira mpaka pa Salima, n'kukwera matola ya ku Senga Bay, kumene malume anga, mlongo wawo wa amayi, anali weta wamkulu, woyang'anira operekera alendo chakudya, pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja.

Malume anali mkulu wa mpingo, ndipo thireyi ankainyamula monga amanyamulira mbale ya chopereka. Anandimvetsera atayima, akupukuta tambula.

"Ndiye akuchotsa?"

"Anditumiza kuti ndikaone ulimi wa kunja kwa kalasi, malume."

"Akuchotsa," anatero, n'kuika tambulayo pansi. "Mayi ako akudziwa?"

"Ayi."

"Asadziwe kaye. Iwo akuti uli kusukulu mpaka nthawi yokolola. Ukapeza ntchito nthawiyo isanakwane, tidzawauza kuti unachita kuitanidwa maphunziro asanathe, chifukwa cha nzeru. Ukapanda kuipeza, ukanena wekha. Ine sindidzakuperekeza."

Mwini lojiyo anali mayi wamasiye amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, nakhala zaka zambiri kudziko lozizira, n'kubwerera matipate atangoyamba. Chichewa chawo chinali chakale ndi chosagwiritsidwa ntchito kwambiri, ngati mbale za alendo za m'kabati. Ndinafika pa nthawi yabwino, kapena yoipa, mpaka pano sindidziwa. Mvula inali pafupi, alendo atachepa, ndipo Madamu anali kumanga katundu kupita kunja kuja kukaona mwana wawo wamkazi amene anali atangochira. Malume anawauza kuti mphwawo ndi wa ku koleji ya zaulimi. Zakuti kolejiyo inali itasiyana nane sanazikhudze.

Madamu ananditengera pabalaza pa alendo. Pakona, kutali ndi zenera, panali mphika waukulu wonyezimira, ndipo mmenemo munali chitsamba chofika m'bondo. Masamba ake anali otambalala ngati chikhatho cha munthu wamkulu, obiriwira mwa mitundu iwiri, mizere yake yosokonezeka ngati chitenje chodula. Ukatembenuza tsamba, kunsi kwake kunali kofiirira ngati madzi a chidede. Ndinaligwira kuti ndione ngati silapulasitiki.

"Ichi ndi kalateya," anatero Madamu.

Ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene wakumana ndi mnzake wakale koma dzina lamuthawa.

"Chimabereka mwezi wanji, Madamu?"

"Sichibereka."

"Ndiye masambawa ndi ndiwo?"

"Ayi."

"Mankhwala?"

"Ndi choyang'ana basi."

Ku koleji anatiphunzitsa kuti mbewu imadzalidwa kuti idyedwe, igulitsidwe, kapena idyetse chimene chidzadyedwe. Mbewu yoyang'ana basi mwina inali m'maphunziro a chaka chachiwiri, amene ine ndinangowanunkhiza.

Madamu anandipatsa malamulo. Chisaone dzuwa. Chizimwa madzi a mvula, osati a pampopi. Kenaka anatulutsa kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a chifuwa, n'kunena kuti ndiye chakudya chake: madontho ochepa mu jagi yodzaza madzi, kamodzi pa mwezi.

"Pang'ono chabe, mwamva? Ndikabwera n'kuchipeza chili bwino, ntchito ya maluwa onse pa loji pano ndi yanu. Ndikachipeza chitafa, tidzatsanzikana mwaulemu."

Mwezi woyamba ndinatsata malamulo ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. Ndinatchera ndowa pansi pa denga, ndinapukuta masamba ndi kansalu, ndipo tsiku lodyetsa litafika ndinadonthezera mankhwala aja mu jagi. Malume anayima kumbuyo kwanga. Anasuzumira mu jagimo, ananunkhiza, anaviika chala n'kulawa.

"Awa ndi madzi."

"Muli chakudya mmenemo, malume."

"Chili kuti?"

"Chasungunuka."

"Mphwanga, khala pansi." Tinakhala pa mipando ya alendo, chinthu chimene Madamu akanakhalapo sichikanachitika. "Chinthu ichi akusungitsa. Ukudziwa tanthauzo la kusungitsa? Munthu akakusiyira mbuzi kuti umuwetere, n'kupita ku Joni, sudzamubwezera mbuzi ija mmene anaisiyira. Adzakufunsa kuti nthawi yonseyi umatani. Mbuzi imabwerera kwa mwini wake yonenepa, ana ali pambuyo, ndipo mwana mmodzi amatsala kwa wosunga. Agogo ako anayamba khola choncho. Iwe ukufuna Madamu adzapeze masamba omwewa, msinkhu womwewu, n'kunena kuti apa pagwira dzanja la munthu wa ku koleji?"

"Koma iwo anati pang'ono chabe."

"Ndayamba kuperekera alendo chakudya iwe usanabadwe. Palibe mlendo amene sanena kuti pang'ono chabe. Ndi ulemu. Ukamupatsadi pang'ono, amathokoza, ndipo sabweranso."

Ndinafunafuna m'mutu mwanga yankho la sayansi, koma ndinangopezamo mawu a Chilatini aja atakhala phee.

Munthu wachitatu amene anatsala pa lojiyo nyengo ya mvula anali akhuki, bambo wa ku Lifuwu, Msilamu, wowonda ngati bango ngakhale ankakhalira kukhitchini. Akazi awo ankalima mpunga pa sikimu ya kwawoko. Iwo ndi malume anagwira ntchito limodzi zaka zambiri, ndipo ubwenzi wawo unali wotukwanizana mwaulemu: malume ankawatchula kuti a Shehe, iwo ankatchula malume kuti Abusa, pamene panalibe shehe kapena m'busa pakati pawo. Ine anandipatsa udindo wa a Koleji.

Akhuki ndiwo anayamba kuona khalidwe la chitsambacho. Tsiku lina madzulo, akubwera ndi tiyi wa mlendo mmodzi amene tinali naye, anayima pakati pa balaza.

"A Koleji, tabwerani. Masana masambawa anali bwanji?"

"Anali ogona."

"Nanga pano?"

Anali atayimirira, onse, atayang'ana kumwamba, kufiirira kwa kunsi kuja kukuonekera. M'mawa mwake tinawapeza atagonanso. Tinayamba kuchizonda. Tsiku lililonse zinali chimodzimodzi: kukamada chimakweza manja, kukacha chimatsitsa.

"Wallahi, chinthu ichi chimaswali," anatero akhuki. "Nthawi yake sichiphonya. Chikuposa anthu ena amene ndimawadziwa."

"Kupemphera chikupempheradi," anatero malume, "koma kakwezedwe ka manja kameneka ndi ka chitsitsimutso, a Shehe. Chinakulira kunja, kumayiko a Chikhristu."

"Nanga bwanji sichiimba, Abusa? A kwanu apemphera liti osasokosa?"

Anandifunsa ine kuti ndigamule. Ndinati nkhaniyi ndi ya kayendedwe ka madzi m'kati mwa tsinde, ndipo onse awiri anandiyang'ana ndi chisoni.

Masiku amenewo munthu aliyense m'dziko muno anali atangobwezeredwa pakamwa pake, ndipo ankafuna kuona ngati pakugwirabe ntchito. Nkhani iliyonse inkafuna msonkhano. Ngakhale wailesi ya kukhitchini tinkavotera kuti ilankhule kapena ipume. Choncho nkhani ya chakudya cha chitsamba inapita ku msonkhano wa anthu atatu, kuseri kwa khitchini, malume ali wapampando. Mfundo inali yakuti chipatsidwe feteleza weniweni, wa m'thumba, wooneka ndi maso. Ine monga katswiri ndinapatsidwa mpata wolankhula. Ndinafotokoza kuti mbewu iliyonse imafuna zakudya zitatu zikuluzikulu, ndinazitchula m'Chingerezi, ndipo nditamaliza sindinadziwe ngati ndalankhula movomereza kapena motsutsa. Povota, malume ndi akhuki anakweza manja kuvomereza. Ine ndinakweza povomereza, n'kukwezanso potsutsa, kuti mbali zonse zimveke.

Feteleza chaka chimenecho anali wovuta. Anthu ankamugula wa m'timapepala, ngati shuga. Komabe malume atapita kumudzi kukathira chimanga chawo, anabwerako ndi kajumbo ka feteleza wokulitsa, amene anachita kumana mizere ya kumalire kwa munda. Anandipatsa ndi manja awiri.

Apa pokha ndinali pa zimene ndimadziwa. Ndinasema kamtengo, ndinayeza kutalika kwa chala kuchokera pa tsinde, ndinabaya dzenje, ndinadzaza chitsekerero cha botolo la zakumwa, ndinathira, n'kukwirira ndi chala chachikulu cha kuphazi, ngakhale kuti kukweza phazi kufika mumphika wa pabalaza kunafuna kuti akhuki andigwirizize. Pa chimanga, chitsekerero chimodzi ndi cha phando limodzi. Chitsambachi chinali ndi mapesi ambirimbiri. Tinakambirana ngati ndi phando limodzi kapena ambiri, ndipo malume anati pa mlendo sitiwerengera.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinandisokoneza kotheratu, chifukwa chinthucho chinakondwa. Kubiriwira kunachita kuda. Pakati panatuluka masamba atsopano, opichirika ngati ndudu, n'kumatambasuka tikuona. Malume ankabwera ndi alendo kudzawaonetsa. Ine ndinayamba kuyenda manja ali kumbuyo, ndipo ndinaganizapo zolembera aphunzitsi anga aja kuti aone chimene anataya.

Kenaka inafika nthawi yothira wobereketsa.

"Madamu anati sichibereka," ndinawakumbutsa malume.

"Chibereka bwanji osapatsidwa wobereketsa? Zaka zonsezi chakhala chikumwa madzi a mu jagi. Iwenso tikanakulera ndi madontho ukanafika ku koleji?"

Mwezi wa Ramazani unayamba m'masiku omwewo. Akhuki ananena poyera kuti chinthu chosunga nthawi ya swala sichingadyetsedwe masana mwezi umenewu, ndi haramu, ndipo iwo sangaonerere. Malume anati chinthucho si cha mzikiti. Msonkhano unaitanidwa, mavoti anafanana chifukwa ine ndinavoteranso mbali zonse, ndipo tinagwirizana kuti aliyense ali ndi ufulu wochidyetsa monga mwa chikhulupiriro chake.

Ndiye zinayamba. Nthawi yomasula kusala kudya, dzuwa litalowa, akhuki akadya futali wawo, ankabwera pabalaza ndi kapepala ka feteleza wa yuleya wa ku sikimu ya mpunga, amene akazi awo anatumiza, n'kunena Bismillahi, n'kuwaza kauzitsine. Malume ataona kuti mbali inayo ikudyetsa tsiku ndi tsiku, anati sangalole kuti mlendo atembenuke mtima chifukwa cha mimba. Lamulungu lililonse akachoka ku tchalitchi, asanavule jekete, ankathira chitsekerero chodzaza. Kenaka anawonjeza Lachitatu, tsiku la mapemphero a m'mudzi. Zinali ngati kampeni imene tinali titangoiona kumene, pamene munthu mmodzi ankalandira chitenje kuchokera uku ndi kapu kuchokera uko, iye osanena kuti avotera ndani. Ine ndinali woyang'anira chisankho. Ndinkangoonetsetsa kuti aliyense wabaya dzenje lake, osathira m'dzenje la mnzake. Kabotolo ka Madamu kaja ndinkathirabe pa tsiku lake, chifukwa lamulo ndi lamulo.

Nsonga za masamba zinayamba kufiira ngati pepala loyandikira moto. Kupsako kunayenda m'mphepete, masamba n'kumapindika, ukawagwira n'kumalira ngati makoko a chimanga. Pamwamba pa dothi panatuluka zoyera ngati mchere. Ndinanyambita pang'ono, ndipo lilime linandiuza kuti ndisabwerezenso. Tsiku lina madzulo tinayima atatu pabalaza kudikira kuti chikweze manja. Sichinakweze.

"Chasiya swala," anatero akhuki chapansipansi.

"Chabwerera m'mbuyo," anatero malume. "Zimachitika. Ndi njala imeneyi. Chimanga chikafiira timatani, mphwanga?"

"Timathira feteleza."

"Basi."

Ndinapempha kuti tidikire kaye. Sindinadziwe chifukwa chake. Chimanga chanjala ndimachidziwa, chimachita chikasu kuyambira pansi, chofatsa, ngati munthu wodwala malungo. Ichi chimaoneka ngati munthu amene wadya kuukwati katatu tsiku limodzi, koma m'mabuku amene ndinafikapo munalibe mutu wa mbewu yokhuta. Ndinkadzuka m'mawa kukachiyang'ana, icho n'kumandiyang'ananso ndi masamba amene anatsala, ndipo palibe amene ankamvetsa mnzake.

Foni ya ku ofesi inalira mvula ikupita kumapeto. Anali Madamu. Anati afika sabata yotsatira, ndipo anafunsa za denga, za alendo, kenaka za chitsamba. Malume anayankha kuti chakhala chikudya bwino kwambiri.

M'mawa mwake ndinanyamula mphikawo kupita nawo kuseri kwa khitchini. Maganizo anga anali akuti ngati vuto lili m'dothi, ndichotse dothilo, monga munthu amachotsera mwana malaya amene alowa linthumbu. Ndinapendeketsa mphika, chinthucho chinatuluka chonse, ndipo ndinachiviika m'beseni la madzi a mvula n'kuyamba kutsuka mizu. Yambiri inali yakuda, yonyenyeka. Ndikutsuka choncho, chinangolekana m'manja mwanga, popanda phokoso, n'kukhala zidutswa zitatu, chilichonse ndi mizu yake.

Ndinakhala pansi. Ndinaona msewu wa ku Chitala, ndinaona amayi atayima pakhomo, ndinaonanso mzimu wa mbuzi ija.

Malume anabwera, anawerama, anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali.

"Chaswa," anatero.

"Chathyoka, malume."

"Chinali chimodzi?"

"Inde."

"Pano zilipo zingati?"

"Zitatu."

"A Shehe, tabwerani muone wobereketsa uja."

Akhuki anatuluka ndi mpeni m'manja, anayang'ana, n'kunena kuti Alhamdulillah, koma mawu awo anali a munthu amene akuyamikira mwana wobadwa wosaoneka bwino.

Tinagula miphika iwiri yadothi, yophikira ndiwo, kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, n'kuiboola pansi. Dothi tinakatapa pansi pa mtengo wa mango. Masamba opsa ndinawadula onse, ndipo nditamaliza panalibe tsamba lotsala, timapesi tokha titayima ngati ndevu za munthu wometa ndi lumo lobuntha. Chachikulu tinachibwezera mumphika wonyezimira, chachiwiri mumphika wa ndiwo, zonse pabalaza. Chachitatu, kakang'ono kwambiri, malume anakanyamula n'kundipatsa.

"Gawo la wosunga."

Kuchipinda kwa malume kumene ndinkagona kunalibe malo, choncho ndinakakaika m'bafa la antchito, pa kakhoma koikapo sopo, n'kukaiwala.

Madamu anafika masana, ndi galimoto ya hayala. Malume anavala jekete yoyera ndi tayi. Titawalandira ndi kuwafunsa za mdzukulu, iwo anayenda molunjika pabalaza, n'kuyima. Malume anatsokomola.

"Madamu, munatisiyira chimodzi. Mwa chisomo, ndi khama la mphwangayu, ndi thandizo la a Shehe, tikubwezerani ziwiri."

Madamu anayang'ana mphika wonyezimira, anayang'ana mphika wa ndiwo, kenaka anandiyang'ana ine.

"Masamba ali kuti?"

"Tawadulira, Madamu," ndinatero. "Kuti mphamvu ipite ku mizu."

"Munachipatsa chiyani?"

"Madontho aja, kamodzi pa mwezi, osaphonya."

"Basi?"

Akhuki anayang'ana kudenga. Malume, amene sanama pa zinthu zimene amanyadira, anafotokoza zonse: wokulitsa, wobereketsa, wa ku Lifuwu, wa Lamulungu, wa Lachitatu. Madamu anakhala pa mpando pang'onopang'ono, chikwama chili pamiyendo.

"Chinthu ichi," anatero, "anandipatsa mayi wina woyandikana naye nyumba, chaka chimene amuna anga anamwalira. Chinali katsamba kamodzi. Kumene kuja dzuwa limatha miyezi osaoneka, ndipo ana akapita kusukulu, m'nyumba monse munalibe wolankhula naye Chichewa koma ichi. Pobwera kuno ndinachikulunga m'thawulo lonyowa, n'kuchinyamula pamiyendo."

Ndinazindikira kuti chinthucho chinkamva Chichewa nthawi yonseyi, ndipo chinamva misonkhano yathu yonse.

"Mwati ziwiri," anatero Madamu. "Timapesiti tikuchepa, zikuoneka kuti mwagawa patatu."

"Chachitatu ndi cha wosunga, Madamu," anatero malume. "Mwa mwambo."

Ndinaganiza kuti apa ndiye atithamangitsa tonse. Koma Madamu anangopuma mozama.

"Mwambo umenewo ndimaudziwa. Bambo anga ankasungitsa ng'ombe ku Dowa." Anatembenukira kwa ine. "Ndinati ndikachipeza chili bwino, ntchito ndi yanu. Ndikachipeza chitafa, mupita. Izi sindikudziwa kuti ndi ziti. Tidikire tione. Koma kuyambira lero aliyense wofika pafupi ndi miphika iyi ali ndi kanthu m'manja, apitira limodzi ndi kanthu kakeko."

Tinadikira. Madamu ankazisamalira okha, m'mawa uliwonse, akulankhula nazo motsitsa mawu. Ine ndinkasesa panja, osadziwa ngati ndine wantchito, mlendo, kapena mkaidi woyembekezera chigamulo. Kumunda chimanga chinayamba kuuma, ndipo uthenga unabwera kuchokera ku Chitala wakuti amayi akufunsa tsiku limene sukulu itsekere, kuti asunge nkhuku. Cha mumphika wa ndiwo chinayamba kufa, timapesi take tinangofewa. Cha mumphika wonyezimira chinalimbako, kenaka tsiku lina Madamu anakoka kapesi kamodzi, n'kuzuka kopanda muzu. Anatuluka n'kukakhala mu ofesi, chitseko chotseka.

Sindinadikire kuitanidwa. Ndinapinda bulangete langa, ndinalongedza sutukesi, ndipo m'mawa ndinapita kukasamba kuti ndikafike kwathu ndili woyera thupi lokha. Ndili ndi thovu kumaso, ndinapapasa pa kakhoma kufuna poika sopo, ndipo dzanja linagunda mphika. Ndinatsuka m'maso. Pakati pa timapesi touma panali kandudu kobiriwira, kopichirika, katayima chilili, ndipo pambali pake kena kakutuluka m'dothi.

Palibe anakadyetsapo kanthu. Chitsamba cha munthu wozulidwa ku koleji sichinali mlendo wa aliyense, ndipo palibe chipembedzo chimene chinkachifuna. Chimene chinapeza m'bafamo ndi mdima, nthunzi ya madzi ofunda, ndi nyimbo za m'buku zimene malume ankaimba posamba. Mwa zitatuzi, chimene chinachiritsa sindikuchidziwa. Malume amati ndi nyimbo. Akhuki amati ndi chifukwa chakuti chinasala kudya, ngakhale mochedwa.

Ndinavala msangamsanga, ndinanyamula mphikawo, n'kuthamangira ku ofesi. Malume anandigwira mkono pakhonde.

"Ukupita nacho kuti?"

"Kukawabwezera Madamu."

"Kubweza chiyani? Ichi ndi chako. Anavomera okha pamaso pa mboni." Anakonza tayi. "Usapereke. Usungitse. Tsata ine, ndipo usalankhule."

Tinalowa atatu, akhuki ali kumbuyo monga mboni. Ndinaika mphika pa tebulo. Madamu anaona kandudu kaja, n'kugwira pakamwa. Anatambasula dzanja, koma malume anatsokomola.

"Madamu, mphwangayu ali ndi chiweto chake, koma alibe khola. Wabwera kudzapempha ngati mungamusungire pabalaza panu. Chikadzaswa, mwana mmodzi adzakhala wanu, mwa mwambo."

Madamu anawayang'ana malume nthawi yaitali. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo sindinathe kusiyanitsa ngati akuseka kapena akulira. Ndikuganiza kuti iwonso sanasiyanitse.

"Ndiye ine ndikhale wosunga chitsamba changa chomwe?"

"Cha mphwangayu, Madamu."

"Chabwino. Ndalandira. Nanga mwini chiweto azibwera liti kudzachiona?"

"Tsiku lililonse," anatero malume. "Ndi munthu wokonda ziweto zake. Koma kuchokera ku Chitala tsiku lililonse ndi kutali."

"Ndiye azikhala pompano. Akachiona m'mawa, nthawi yotsalayo aziona maluwa a panja. Koma kudyetsa ndidyetsa ndekha. Kabotolo kazikhala m'kabati mwanga."

Ndi mmene ndinalembedwera ntchito. Kwa zaka zimene ndinakhala pa lojiyo sindinamvetse bwinobwino ngati Madamu anali bwana wanga kapena woweta wanga, ndipo pa tsiku la malipiro sindinkafunsa.

Malume anapita ku Chitala kukanena kuti ndinachita kuitanidwa maphunziro asanathe. Amayi anafuna kudzaona okha ntchito imene inalanda mwana wawo ku koleji. Anabwera atakolola, ndi nkhuku ija m'manja. Nthawi imeneyo chitsamba chinali ndi masamba anayi, chitabwerera mumphika wonyezimira, ndipo chinali chitayambiranso kukweza manja madzulo. Madamu anawalandira pabalaza, malume ndi akhuki atayima kukhomo. Amayi anazungulira mphikawo, anagwira tsamba, analitembenuza, anafinya dothi ndi zala.

"Chimabereka chiyani?"

"Sichibereka, amayi. Ndi choyang'ana basi."

Amayi anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikanama kuti ndasamba. Kenaka anatembenukira kwa Madamu, mwaulemu wonse, akumasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje chawo.

"Pepani mayi, ana a masiku anowa ndi aulesi. Chikuoneka chanjala ichi. Ndinatsala ndi wobereketsa pang'ono kumunda."